Sukulu za Ubusa Zitsikire Kuno ku Komboni

Masabata apitawa tinagona pa nyumba ya maliro ku George. Womwalira anali mlonda, bambo wa ana anai, ndipo anasiya nyumba ya zipinda zitatu: cimodzi cogonamo banja, ziwiri za lendi. Amuna tinali panja titazinga mbaula, azimai ali m'nyumba akuimba. Ca m'ma 22 koloko kunafika acibale a mwamuna ocokera kumudzi. Analowa, nalira pang'ono monga mwa mwambo, ndipo misozi isanaume mmodzi wa iwo anayamba kufunsa makiyi a ku cipinda ndi mapepala a nyumba.

Abusa panalibe, ndipo sitikuwaimba mlandu. Sabata limenelo anali ndi maliro ena awiri ndi cikwati pa Ciweru. Amene anaimirira ndi mkulu wa mpingo wa sekishoni imeneyo, munthu wokhoma mbaula ndi zidebe pa msika, amene sukulu analekezera giredi 7. Anawaitanira alendowo pambali, napemphera nawo, nawakumbutsa kuti Mulungu amaona misozi ya mkazi wamasiye. Mmodzi wa alendowo anayankha kuti: "Atate, za Mulungu tamva. Koma nyumba iyi anamanga ndi mwana wathu. Tiuzeni lamulo limene likutiletsa." Mkuluyo anasowa conena. Mumtima anadziwa kuti zimene zikucitikazo n'zoipa, koma lamulo sanalidziwe.

Lamulolo lilipo, ndipo lakhalapo kuyambira 1989. Dzina lake ndi Intestate Succession Act. Limati munthu akamwalira osasiya wilu, ana amalandira 50 peresenti ya cuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndipo 10 yotsalayo ndi ya ena amene womwalirayo anali kuwasunga. Nyumba ndi ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo ali ndi ufulu wokhalamo kufikira atamwalira kapena atakwatiwanso. Zimenezi munthu angaziphunzire masana amodzi. Mkulu uja watumikira zaka 15, waika m'manda anthu ambiri kuposa abusa ena amene tikuwadziwa, koma palibe amene anamukhazikapo pansi kumuphunzitsa.

Nkhani yathu lero yagona pamenepa. Sukulu zathu za ubusa zimaphunzitsa bwino munthu mmodzi wa pa guwa, koma mpingo wa mu komboni umayendetsedwa ndi anthu ena makumimakumi amene sukuluzo sizinawaonepo nkhope.

Tinene poyera kuti sukulu zimenezi si zonyozeka. A Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira pa Magwero mu 1899, anayamba kuphunzitsa abusa awo pa Madzimoyo mu 1951. Pambuyo pake sukuluyo inasamukira kuno ku Lusaka, ndipo lero ili ku Chamba Valley, ikudziwika ndi dzina la Justo Mwale, mbusa woyamba wa kuno kwathu mu mpingowo, amene anadzozedwa mu 1929. Tsopano ndi yunivesite, ndipo kumabwera ophunzira ngakhale a ku Malawi. Mnyamata wofuna unsembe wa Cikatolika amayambira ku Emmaus, amapita ku Mpima ku Kabwe kukaphunzira filosofi, n'kudzamalizira ku St Dominic's kuno ku Lusaka. Amalowa ali kamnyamata, amatuluka ndevu zitakhwima. A UCZ ndi a Anglican ali ndi zawo ku Mindolo ku Kitwe, a CCAP ku Chasefu, a Baptist muno mu mzinda.

Ena amati Cigiriki ndi Cihebri n'zotayitsa nthawi. Ife sitivomereza. Mbusa wodziwa kumene mau a m'Baibulo anacokera sanamizidwa msanga, ndipo nayenso sanamiza anthu msanga. Masiku ano, pamene vesi imodzi ingathe kulanditsa munthu ndalama yake ya lendi, abusa otere tikuwafuna ambiri.

Koma tawerengani anthu. Pa Sondo ku Chawama kapena ku Matero chalichi imadzaza kawiri kapena katatu, ena ataima m'mawindo. Mbusa kapena wansembe ndi mmodzi, mwina awiri. Kumidzi ku Chipata, Katete ndi Petauke ndiye kolemetsa: mbusa mmodzi ali ndi nyumba zopemphereramo zambirimbiri, ndipo zina amazifika patapita miyezi, kukapereka mgonero ndi kubatiza. Masiku ena onse, amene amalalikira, kuyendera odwala, kuweruza milandu ya mabanja, kulangiza ofuna ukwati, kusunga copereka ndi kutsogolera maliro ndi akulu a mpingo, madikoni, akatekisiti, alaliki, amai a Cigwirizano ndi apampando a masekishoni. Mabishopu a Cikatolika a m'bungwe la AMECEA, limene Zambia ilimo, anagwirizana mu 1973, nabwerezanso mu 1976, kuti moyo wa mpingo ukhazikike pa timagulu ta Akristu oyandikana nyumba. Mipingo ina ili ndi zofanana, zangosiyana maina. Mtolo unatsitsidwa pa mapewa a anthu wamba. Kodi maphunziro anatsika nawo limodzi?

Palinso gulu lina. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo kuyambira m'zaka zimenezo mipingo yatsopano yamera ngati bowa. Yendani mu Kanyama kapena Mtendere pa Sondo m'mawa: pa masukulu ena kalasi iliyonse ili ndi mpingo wake, uku ng'oma, uku kiyibodi. Ena mwa atsogoleri a timipingo timeneti ndi akuba, tisabise. Amagulitsa mafuta ndi madzi a m'timabotolo kwa anthu amene agona ndi njala. Koma ambiri ndi anthu oona mtima: kalipentala, woyendetsa minibasi, mai wogulitsa salaula, amene anamva maitanidwe nasonkhanitsa anansi ake. Nkhosa ali nazo zenizeni, koma ku seminale ambiri a iwo sadzapondako.

Si ulesi ayi. Pa cipata ca sukulu ya ubusa pamafunika setifiketi ya giredi 12, Cingerezi cokwanira kulembera mayeso, ndalama za fizi, ndi zaka zitatu kapena zinai zosiya nchito. Bambo wa zaka 45, wa ana asanu, amene banja lake limadya pamela wogulidwa madzulo ndi ndalama ya tsiku lomwelo, angasiye bwanji msika zaka zinai? Ndipo sukulu zimene zakwezedwa kukhala mayunivesite ziyenera kukwaniritsa zofuna za Higher Education Authority. Pa madigiri zimenezo n'zabwino, koma zacititsa maso a sukulu kuyang'ana kumwamba, ku madigiri apamwamba ndi udokotala. Kucoka mu Mtendere kapena Kalingalinga kupita ku seminale za muno mu Lusaka si ulendo wonyamulira kamba, koma kwa mkulu wa mpingo wa kumeneko n'kutali ngati ku London.

Cinenero naco cimatseka njira. Wophunzira amawerenga, kulemba ndi kutsutsana m'Cingerezi zaka zinai, kenaka amatumizidwa kwa agogo amene amapemphera m'Cinyanja kapena m'Cibemba. Tamvapo abusa acinyamata akulalikira m'Cingerezi, womasulira ali pambali, mu chalichi mmene aliyense, ngakhale mbusayo, ndi wa kum'mawa. Si kunyada kokha. Mau akuluakulu a cikhulupiriro anawaphunzira m'cinenero ca eni, ndipo palibe anamuthandiza kuwabweretsa kwawo. Makolo athu sanayambe conco. Buku Lopatulika lonse linatuluka mu 1922, ndipo mpingo wa kum'mawa unafalikira ndi mapazi a aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi, amene m'mawa anali kuphunzitsa ana kuwerenga, madzulo nalalikira pansi pa mtengo. Mzungu wa pa mishoni anali mmodzi. Aphunzitsi olalikira anali ambirimbiri, ndipo mishoni inaika mphamvu zake pa kuwaphunzitsa iwowo.

Nanga mtsogoleri wa mu komboni afunika kudziwa ciani? Tiyambe ndi kolera, popeza a ku Kanyama saiwala. Mliri unabuka mu Okutobala 2017, ndipo pofika Januwale 2018 boma linaletsa misonkhano m'madera okhudzidwa, ya m'machalichi yomwe, ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku. Unabweranso mu Okutobala 2023 uli wolusa koposa: National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024, mapemphero analamulidwa kuti asapitirire maola awiri, ndipo m'dziko lonse munamwalira anthu oposa 700. Lamulo lowawa kwambiri linali la maliro. Mtembo wa wofa ndi kolera sunali kusambitsidwa ndi acibale, sunali kugona pa nyumba, ndipo ku manda kunali kupita anthu owerengeka. Amene anali kukhala pa mphasa ndi mabanja olira kuwafotokozera zimenezi si nduna ya zaumoyo. Anali akulu a mpingo ndi amai a masekishoni.

Mkulu amene anauzidwapo kuti pansi pa Kanyama pali thanthwe la mphakomphako, kuti madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndiponso kuti mvula ikagwa za m'zimbudzi zokumba zimayenda n'kukalowa m'zitsime zosaya, amatha kuuza sekishoni yake m'mphindi zisanu cifukwa cothirira klorini m'madzi. Anthu amamumvera iye koposa cimkuzamau ca pa galimoto ya khonsolo. Mkulu amene sanauzidwepo amanena zimene ali nazo: kuti ndi cilango, kapena kuti pali munthu. Ndipo mu komboni mau akuti "pali munthu" sathera pakamwa.

Tinaziona kumayambiriro kwa 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku inacoka ku Chingola n'kufalikira dziko lonse, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu pongowaganizira. Mantha a ufiti, a mizimu ndi a usatana ndiwo amagogoda pa khomo la mtsogoleri wa mpingo usiku. Wa digiri nthawi zina amaseka, nati zotere kulibe. Munthu wamantha uja amacoka, napita kwa mneneri amene adzamuuza kuti mfiti ndi azakhali ake. Pakati pa kuseka ndi kuloza cala pali njira ina. Ku Bauleni, pa FENZA, malo a ansembe a Missionaries of Africa, Abambo Bernhard Udelhoven ndi kagulu kochedwa Fingers of Thomas anatha zaka akumvetsera anthu onena kuti alowetsedwa usatana kapena alodzedwa, kuyendera mabanja awo ndi kupemphera nawo popanda kuchula munthu kuti ndi mfiti. Zimene anapeza zinatuluka m'buku la Unseen Worlds mu 2015. Nzeru zotere zifunika kufika kwa wapampando wa sekishoni ku George, m'Cinyanja cake.

Zina tingozichula mothamanga, popeza mukuzidziwa. Alipo amene anasiya kumwa ma ARV atauzidwa kuti acira, ndipo tinawaika. Lamulo la ukwati linasinthidwa mu 2023 kotero kuti ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ndi woletsedwa, ngakhale wa mwambo; ndi alangizi angati a mu mpingo anauzidwa? Nanga ndalama? Mipingo yambiri imene taiona ikugawanika sinagawanikire pa ciphunzitso. Inagawanikira pa mbale ya copereka, cifukwa msungicuma sanaphunzitsidwe kulemba zolowa ndi zotuluka m'kabuku ndi kuziwerenga pamaso pa anthu.

Njira yofikira atsogoleri otere si yacilendo. Mu 1963 seminale ya a Presbyterian ku Guatemala inaona kuti atsogoleri enieni a mipingo ya kumidzi, alimi a mabanja awo, sanali kubwera kusukulu, ndipo ambiri mwa anyamata amene anali kubwera sanali kubwerera ku mipingo imeneyo. Aphunzitsi ananyamula mabuku nawalondola kumene anali. Wophunzira amawerenga kunyumba, amakumana ndi anzake ndi mphunzitsi kamodzi pa sabata, ndipo zimene waphunzira amaziyesa mu mpingo mwake sabata lomwelo. Kuno kwathu bungwe la TEEZ la ku Kitwe lakhala likucita zimenezi kuyambira 1979, pamodzi ndi mipingo monga UCZ, Anglican, RCZ ndi CCAP. Madayosizi a Cikatolika amaphunzitsa akatekisiti, ndipo sukulu zina za ubusa zili ndi makosi a alaliki. Tikuyamikira. Koma Sondo likudzali tafunsani mu mpingo mwanu kuti mwa akulu ndi amai otsogolera, ndi angati anakhalapo pa kosi yotere, ngakhale ya sabata limodzi. Kumene ife tafunsa, zala za dzanja limodzi zinakwanira. Maphunziro a anthu wamba amaonedwa ngati nchito ya m'mbali, yocitika pakatsala nthawi ndi ndalama, pamene aphunzitsi odziwa kwambiri amakhalira m'makalasi a digiri.

Cimene tikupempha akuluakulu a sukulu za ubusa n'cakuti zimenezi azitembenuze. Mphunzitsi aliyense wa pa seminale, ngakhale wa udokotala, akhale ndi kalasi yake mu komboni pa Ciweru masana, mu chalichi iliyonse imene ingatsegule citseko, m'cinenero ca anthu, popanda kufunsa setifiketi pa khomo. Khomolo likhale lotsegukira ngakhale mbusa wa kampingo ka mu kalasi ya sukulu, cifukwa nkhosa zake zikasocera, osocerawo ndi anansi athu ndi ana athu omwe. Wopindula sadzakhala wophunzira yekha. Mphunzitsi amene wafunsidwa ndi amai a ku Chawama cifukwa cimene Mulungu amalolera mwana kufa ndi kolera adzabwerera ku seminale pa Mande ali ndi phunziro lina.

Ophunzira ubusa nawonso asamangobwera kudzalalikira pa Sondo atavala jekete, n'kubwerera kukadya kusukulu. Asanadzozedwe akhale mu komboni nyengo imodzi ya mvula, m'nyumba ya lendi, atunge madzi pa mzere, avale magambuti, ndipo akhale pansi pa mkulu wa mpingo ndi mai wa Cigwirizano monga wophunzira nchito. Ku seminale aphunzitsidwenso kuphunzitsa ena. Mbusa aziyesedwa ndi mmene mpingo ukuyendera iye atapita ku sinodi.

Kwa inu alimi, nkhani yagona pa kalendala. Kosi yoitanidwa mu Disembala kapena Januwale, munthu ali pa kupalira ndi kuthira feteleza, ndi kosi ya mipando yopanda anthu. Ngakhale muno mu Lusaka, mvula ikayamba ambiri a m'masekishoni amapita ku minda ku Chongwe, Chibombo ndi Mumbwa. Nthawi yake ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, cimanga cili m'nkhokwe, njira zauma, kandalama ka zokolola kali m'thumba. Ulimi weniweniwo nawo ulowe m'maphunziro a abusa. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni atawonongeka. Caka cimeneco masika a m'machalichi anali ocititsa manyazi, ndipo abusa a kumidzi odalira copereka cokha anavutika pamodzi ndi nkhosa zawo. Mbusa wodziwa kukumba maenje osunga madzi, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kapena kubzala cinangwa ndi mapira pambali pa cimanga amadzidyetsa, ndipo odutsa m'njira amaphunzirapo.

Za amai sitingacite kutalikitsa, aliyense ali ndi maso. Ndiwo ambiri m'mabenchi, ndiwo amagona pa maliro, ndiwo anasamalira odwala Edzi m'makomo m'zaka za m'ma 1990 mankhwala asanafike kwa osauka. Kalasi ya atsogoleri yodzaza amuna okhaokha yasiya panja mbali yaikulu ya mpingo.

Tikudziwa zimene ena adzanena. Adzati maphunziro a pa Ciweru adzabala anthu odziwa pang'ono, odzitukumula kwambiri, ovutitsa abusa pa misonkhano. Mantha amenewo si acabe; taona anthu ocoka ku semina ya masiku atatu akudzicha madokotala. Koma anthu tikunenawa akutsogolera kale. Akulalikira kale, akuweruza kale mabanja, kaya aphunzitsidwa kaya ayi. Kuwamana maphunziro sikuwatsitsa pa guwa. Ndipo m'kuona kwathu, mkulu wovuta pa msonkhano kawirikawiri ndi uja amene sanauzidwepo pamene udindo wake uyambira ndi pamene ulekezera.

Adzafunsanso za ndalama, ndipo apa cala cikuloza ife a m'mabenchi. Timasonkha za matailosi, za zokuzira mau, za galimoto ya abusa, za yunifolomu. Ndi mpingo uti unaikapo padera ndalama yophunzitsira akulu ake? Meda imodzi ya cimanga pa banja nthawi ya masika, kapena cilimba ca sekishoni ca mwezi umodzi pa caka, zingagule mabuku ndi kulipira minibasi ya mphunzitsi. Nthumwi zathu ku sinodi ndi ku khonsolo ya parishi zikafunse sukulu zimene timazisonkhera kuti, kuonjezera pa ovala mikanjo ya digiri, caka cino zaphunzitsa atsogoleri angati a mu komboni ndi a kumidzi.

Ku George kuja, usiku umenewo makiyi anatsala m'manja mwa namfedwa, cifukwa mai wina wa Cigwirizano, amene anagwirapo nchito yosesa mu ofesi ya maloya, ananena mokweza kuti ofuna mapepala akakumane naye m'mawa ku polisi, ku Victim Support Unit. Alendo anabwerera pa mbaula. Titaika maliro ku Chingwere, mkulu uja anatikokera pambali pa lole, natipempha kuti timulembere magawo aja. Pepala panalibe, ndiye tinalemba kuseri kwa pulogalamu ya maliro: 50, 20, 20, 10, ndi mau a nyumba pansi pake. Analipinda kanai nalilowetsa m'buku lake la nyimbo. Anati pa Cinai ali ndi maliro ena ku Lilanda, a mai amene wasiya kantemba ndi ana a amuna awiri, ndipo anafuna kudziwa ngati pepalalo ligwiranso nchito womwalira akakhala mkazi. Tinamuuza kuti inde.